Mbiri ya moyo wanga, gawo 17: Chaka chimene tinagula sabufa

Titangokhazikika m'nyumba ya lendi ku Chibanja mu Mzuzu, alamu anga amene ankagwira ntchito ku Johannesburg anabwera kudzaona kumudzi. Anatisiyira ampulifaya yakale ya Yamaha ndi masipika asanu ang'onoang'ono. Sabufa yake, sipika yaikulu yotulutsa mawu akuya (besi), anaisiya ku Johannesburg chifukwa inali yolemera kwambiri kukwera nayo basi. "Alamu, chotsalacho mudzapeza konkuno," anatero.

Ndinalumikiza zonse ku TV: awiri kutsogolo, imodzi pakati, awiri kumbuyo kwa mpando. Mawu a anthu ankamveka bwino ndithu. Koma ndege ikamanyamuka mufilimu, kapena bingu likamagunda, zinkamveka zopepuka, zopanda thupi. Ine ndinakulira ku Mponela, m'nyumba yopanda magetsi. Tikapeza makobidi tinkathamangira ku vidiyo sho, ndipo chisipika chimene ankaika pakhomo chinkagwedeza chifuwa usanalowe n'komwe. Ndili mwana chomwecho ndinauza mtima wanga kuti ana anga adzamva kugunda kumeneko ali m'nyumba mwawo, osati pabenchi la eni ake. Ndiye nkhani ya sabufa sinali yachibwana kwa ine, ngakhale malipiro a uphunzitsi anali ochepa.

Chimene chinkasowa chili ndi malo ake. Mafilimu ambiri amakonzedwa m'njira yotchedwa 5.1. Nambala 5 ikuimira masipika asanu aja, pamene .1 ndi njira yapadera yonyamula mawu akuya okhaokha, osapitirira 120 Hz (Hz ndi muyezo wa kukwera kapena kuya kwa mawu: nambala ikachepa, mawu amakhala akuya). Khutu la munthu limamva kuyambira cha pa 20 Hz mpaka 20,000 Hz, koma tisipika tokwana m'dzanja timayamba kufooka mawu akatsika pansi pa 100 Hz. Kuti mawu akuya amveke pamafunika kukankha mpweya wambiri, ndipo kasipika kakang'ono sikangathe.

Ndinayamba kuzungulira m'mashopu a m'tauni ndi m'mbali mwa msika waukulu, kumene katundu wambiri amachokera ku Dar es Salaam kudzera pa Songwe ndi Karonga. Ukangoti "sabufa", amakutulutsira seti yathunthu: bokosi la besi, tisipika tiwiri kapena titatu, Bluetooth, polowetsa flash, wailesi ya FM ndi timagetsi tothwanima. Seti zimenezi zili ndi ntchito yake, ndipo sindizinyoza. Mabanja ambiri mu Mzuzu muno amasangalala nazo. Koma ine ndinali kale ndi ampulifaya ndi masipika. Ndinkafuna bokosi limodzi lokha, logwirizana ndi zimene ndinali nazo.

Amene ananditsegula maso anali madala ena okonza mawailesi, amene anali ndi benchi lawo kuseri kwa mashopu. Anali munthu wa ku Rumphi, koma atamva Chitumbuka changa chopunduka anayamba kundiyankhula Chichewa. Ndinawaonetsa chithunzi cha kumbuyo kwa ampulifaya yanga pafoni. Analoza kabowo kamodzi kolembedwa Sub Out.

"Aphunzitsi, apa sipatuluka mphamvu, pamangotuluka uthenga. Mukufunika sabufa yokhala ndi ampu yakeyake m'kati, yopulagira kukhoma payokha. Yongotuluka mawaya awiri, yofiira ndi yakuda, musagule. Imeneyo inabadwa ndi ampu yake ndipo popanda iyo ingokhala chete."

Kenako anandifunsa zimene ndinaona m'mashopu. Ndinawauza za ina imene pakatoni pake panalembedwa 5000W PMPO. Madalawo sanayankhe msanga. Anatenga ina yofanana nayo imene munthu anabweretsa kudzakonzetsa, n'kuitembenuza. Pakachipepala ka kumbuyo panalembedwa kuti imakoka 60W kuchokera kukhoma. "Inu ndinu aphunzitsi, werengerani nokha. Chinthu chokoka 60 chingatulutse bwanji 5000?" Nambala ya PMPO ilibe muyezo umodzi umene onse amatsata; wopanga aliyense amalemba momwe wafunira. Yothandiza ndi ya RMS, imene imanena mphamvu yomwe ampu ingapereke mosalekeza. Ndipo ngakhale RMS siinena zonse, pakuti sabufa ziwiri za mawati ofanana zimatha kulira mosiyana kutali, malinga ndi sipika yake ndi kamangidwe ka bokosi. Anandiuzanso kuti ndiziinyamula kaye. Maginito aakulu ndi thabwa lochindikala zimalemera, ndiye bokosi lalikulu lonyamulika ndi zala ziwiri ndi lofunika kulikayikira.

Zina zimene anandiuza simungazipeze pakatoni, chifukwa ndi za Mzuzu weniweni. Kuno mvula imachedwa kusiya, ndipo ngakhale mu June kumagwa mawawa, m'nyumba n'kumakhala chinyezi. Mabokosi ambiri ndi a thabwa la utuchi wopanikiza, la MDF, limene likamwa madzi limafufuma osabwereranso. Ndiye bokosi lizikhala ndi timiyendo, madzi okolopera asalikhudze. M'mphepete mwa sipika, pamene pamapindika ikamagunda, ena amaika siponji ena mphira. Siponji ikakalamba imafumbutuka, makamaka kumalo achinyezi, pamene mphira amapirira. Anandionetsa ina imene mbewa zinalowera pabowo la mpweya n'kutafuna mawaya. Anandichenjezanso za katundu wa kaunjika wochokera ku America: magetsi athu ndi a 230V, a kumeneko ndi a 120V, ndipo ukapulaga osawerenga, utsi basi. Pomaliza anati ndigule kachipangizo koteteza, kangati kamene timaika pa filiji, chifukwa ampu zambiri zimene ankakonza zinapsa nthawi imene magetsi ankabwera atazima.

Ndalama zitakwana, zinatsala ziwiri zoti ndisankhepo. Ina inali yatsopano, sipika yake ya mainchi 12, yokhala ndi bowo la mpweya kutsogolo. Inayo inali yogwiritsidwapo kale ntchito, ya mainchi 10, bokosi lake lotseka mbali zonse, 100W RMS, ndipo mwini wake ankasamukira ku Lilongwe. Kusiyana kwa mitundu iwiriyi n'kwenikweni. Bowo lija limathandiza bokosi kutulutsa besi yambiri pa mphamvu yochepa, n'chifukwa chake sabufa zabwino za bowo zimakoma kwambiri pa mafilimu m'chipinda chachikulu. Koma bowo likapangidwa mongofuna phokoso, limakweza malo amodzi okha n'kumiza ena onse. Bokosi lotseka silifuula chomwecho, limafuna ampu yamphamvupo, koma mawu ake amayamba ndi kuleka mwaukhondo.

Mtima wanga unali pa yaikuluyo, pakuti ndiyo inkagwedeza chifuwa ngati ya ku Mponela. Ndinatenga amayi akunyumba kuti akamve nawo. Iwo amaimba kwaya kutchalitchi, ndipo khutu lawo ndimalikhulupirira. Tinanyamula nyimbo za reggae zimene timazidziwa bwino, chifukwa chingwe chachikulu cha gitala ya besi chimatsika mpaka pa 41 Hz, ndipo woimba amakwera n'kutsika. Pa ya mainchi 12 ija anamvetsera pang'ono n'kupukusa mutu.

"Abambo, iyi ikungogunda pamodzimodzi ngati musi mumtondo, du, du, du. Nanga gitala ija yapita kuti?"

Pa ya mainchi 10 anayamba kung'ung'udza motsatira besi, noti ndi noti, osasochera. Ndinamvetsera nanenso ndipo ndinagwirizana nawo. Panalinso nkhani ya nyumba. Balaza lathu linali la mamita 4 mbali zonse ziwiri, pansi pa simenti, denga la malata, ndipo khoma limodzi tinkagawana ndi banja lina lokhala ndi khanda. Besi imadutsa khoma mosavuta kuposa mawu ena onse. Yaikulu ija tikanangoisunga yotsitsa moyo wake wonse. Tinagula yaing'onoyo, n'kuikweza pa njinga ya kabaza itakulungidwa m'chitenje.

Kugula kunali theka chabe la ntchito. Nditaiika pakona, magalasi a mawindo anayamba kunjenjemera ndipo besi inachuluka mpaka kumiza mawu a anthu. Nditaisendeza pafupi ndi TV, pampando pamene ndimakhala panalibe besi, koma pakhomo lopita kukhitchini inali tho. Chifukwa chake n'chakuti mawu amayenda pafupifupi mamita 343 pa sekondi, choncho funde limodzi la 40 Hz ndi lotalika kuposa mamita 8, kuwirikiza kawiri balaza lathu. Likagunda khoma limabwerera n'kukumana ndi linzake. Pena amaphatikizana, pena amafafanizana. Chipinda chofanana mbali zonse ngati chathu ndiye chimavuta koposa.

Madala aja anandiphunzitsa njira yake. Umaika sabufa pampando pamene umakhala, n'kuika nyimbo ya besi, kenako umakwawa m'mbali mwa makoma mutu uli pansi, kufuna pamene besi ikumveka yosalala. Pamenepo ndi pamene umakaiika. Ana anakwawa nane limodzi, ndipo wamkulu ndi amene anapeza malo ake, pakhoma lakutsogolo, pakati pa TV ndi kona, kutali ndi khoma la aneba. Mu ampulifaya ndinasankha kuti masipika onse asanu ndi Small, malire n'kuika pa 80 Hz monga akatswiri a THX, kampani yoika miyezo ya mawu a mafilimu, amalangizira, kuti zonse zotsika kuposa pamenepo zizipita ku sabufa. Kumbuyo kwa sabufa kuli kabatani ka 0 ndi 180, kothandiza kuti izigunda mogwirizana ndi masipika enawo. Ndinayesa mbali zonse ziwiri amayi atakhala pampando, ndipo anasankha pamene besi inadzaza. Chimene sindinkayembekeza n'chakuti mawu a anthu nawonso anamveka bwino kuposa kale, popeza tisipika tija tinapepukidwa katundu amene sitinkamutha.

Madzulo ake ndinagogoda kwa aneba.

"Achimwene, ndagula chinthu chaphokoso. Ndiloleni ndikhale pabalaza panu, mwana wanga azikweza pang'onopang'ono, inu mundiuze pamene chayamba kukusowetsani mtendere."

Anadabwa, koma anandilowetsa. Nditakhala m'nyumba mwawo ndinamva zimene iwo akanamamva usiku uliwonse: nyimbo sizimveka, kumangobwera kugunda kokhakokha kudzera m'khoma ndi pansi. Tinagwirizana pamene panali poyenera, ndipo amayi anapaka kadontho ka utoto wa zikhadabo pa chokwezera cha sabufa. Ikakwana 9 koloko usiku sitinkapitirira kadonthoko. Ndinadulanso zidutswa za tayala lakale n'kuika pansi pa timiyendo take, ndipo kunjenjemera kwa pansi kunachepa.

Loweruka masana ndiye tinkaimasula. Ana a aneba ankabwera, ena ochokera m'nyumba zakumbuyo, n'kukhala pamphasa mpaka pakhomo, ndipo amayi ankawaphikira mbatata ndi tiyi. Bambo a khanda uja nawonso anayamba kubwera kukakhala mpira. Ndi iwowo amene patapita miyezi anandiuza za puloti imene inkagulitsidwa ku Luwinga, kufupi ndi kwa achibale awo. Mmene tinapezera ndalama zake, ndi mmene tinaumbira njerwa mvula ili pakhomo, ndidzafotokoza m'gawo 18.