Fluorite wapepo: zimene ndaphunzira posonkhanitsa miyalayi

Fluorite wosasakanikirana ndi china chilichonse alibe mtundu, amaonekera mkati ngati galasi. Mfundo imeneyi ndi imene yandigwira mtima kwambiri chiyambireni kusonkhanitsa miyalayi ndi kuwerenga za iyo. Mwalawu umapangidwa ndi calcium ndi fluorine basi. Mtundu wapepo umabwera chifukwa maatomu ena anasuntha pamalo pake. Cheza chochokera ku uranium kapena thorium wa m'matanthwe oyandikana nawo chimawasokoneza kwa zaka zankhaninkhani, ndipo timipata totsalato timameza kuwala kwina, kumene kwatsala n'kumene maso athu amaona ngati pepo. N'chifukwa chake mwalawu ukautenthetsa kwambiri umasuluka, ndipo ina imazirala ikakhalitsa padzuwa. Yanga ndimaisunga kutali ndi zenera.

Tsono mtundu si umboni wodalirika. Amethyst nayenso ndi wapepo, koma iye ndi quartz, ndipo pa sikelo ya kulimba imene Friedrich Mohs anakonza mu 1812 ali pa 7, pamene fluorite ali pa 4. Mpeni umakanda fluorite mosavuta, koma sukanda amethyst, ndipo amethyst amakanda galasi. M'manja fluorite amalemereranso, pakuti amalemera kuposa madzi ochuluka mofanana naye katatu ndi pang'ono.

Pamene ndatherapo nthawi yambiri ndi pa kasweke kake. Nthawi zambiri fluorite amakula ngati kabokosi ka mbali 6 zofanana, koma akamasweka satsata mbali zimenezo. Amang'aluka modula ngodya, m'njira 4, ndipo ukapitiriza kubenthula ngodya zonse umatsala ndi kamwala ka mbali 8 kosongoka uku ndi uku. Timiyala tambiri totere timene timagulitsidwa m'masitolo sitinakule choncho pansi, anthu anachita kutibenthula. Sindikunena kuti n'tabodza, mwala wake ndi weniweni ndithu, koma wosonkhanitsa ayenera kudziwa chimene wagwira. Ine ndimakonda kabokosi komwe kadakali pa thanthwe lake, ngakhale kakhale kobenthuka pangodya, chifukwa kamaonetsa mmene mwalawo unakulira. Ukakaunika ndi tochi umaona mizere yapepo wakuda ndi wowala yotsatana mkati, chizindikiro choti madzi otentha amene ankaukuza ankasinthasintha.

Malo amene mwala unachokera ndi ofunika monga mwalawo. Ku Illinois, ku America, migodi ya m'dera la Cave-in-Rock inatulutsa miyala yapepo yotchuka, ndipo mu 1965 boma la kumeneko linasankha fluorite kukhala mwala woimira chigawocho. Mgodi womaliza unatsekedwa mu 1995, choncho yambiri imene ikugulitsidwa lero ndi yakale. Ku Castleton, ku Derbyshire m'dziko la England, amakumba fluorite wotchedwa Blue John wa mizere yapepo ndi yachikasu. Wa ku Weardale, ku England komweko, umawala buluu pa nyale ya ultraviolet (cheza chosaoneka ndi maso), ndipo fluorite ndi umodzi mwa miyala imene wasayansi George Stokes anaunika pofotokoza kuwala kotereku mu 1852. Malo enanso odziwika ndi fluorite ndi Berbes ku Spain ndi Okorusu ku Namibia.

Mwala uliwonse ndimaukulunga pawokha kuti usakandane ndi quartz, ndimautsuka ndi madzi ofunda pang'ono poopa kuti otentha angaung'alule, ndipo ndimaulembera kapepala ka dzina la mgodi tsiku lomwelo limene wafika.