Mbiri ya moyo wanga, gawo 9: mwala woyaka wa ku Estonia

Gawo lapitalo ndinalekezera pomwe ndinafika ku Tallinn, likulu la dziko la Estonia, kukapitiriza maphunziro a chemistry. Lero ndikuuzeni za ntchito imene inandisunga mu labu nyengo yonse yachisanu.

Kumpoto chakum'mawa kwa Estonia kuli mwala wabulauni wotchedwa kukersite, dzina lochokera ku Kukruse. Anayamba kuukumba mu 1916. Ku Narva amauotcha kuti apange magetsi, ku Kohtla-Järve amautenthetsa n'kutulutsamo mafuta. Chimene chimayaka m'mwalamo ndi kerogen, zotsalira za tizamoyo ta m'nyanja totchedwa Gloeocapsomorpha prisca, tomwe tinafa zaka zoposa 450 miliyoni zapitazo.

Kerogen ndi wamakani, sasungunuka m'mankhwala osungunulira amene timagwiritsa ntchito. Nanga ungadziwe bwanji mmene anapangidwira? Aphunzitsi anga anati tizimuphwanya pang'onopang'ono n'kumaona zidutswa zake, monga munthu wogumula nyumba mosamala kuti aone mmene mmisiri anayalira njerwa.

Ndinkasinja mwalawo mpaka ufa, n'kuthira hydrochloric acid. Unkachita thovu pamene laimu wa m'mwalamo ankasungunuka. Kenako ndinkathira potassium permanganate, mankhwala apepo aja amene kwathu amatsukira zilonda, wosakaniza ndi alkali, kuti aphwanye kerogen. Mtundu wapepowo ukazimirira, pansi pamatsala matope abulauni a manganese dioxide. Ukatero usefe, usunge madziwo, uthirenso permanganate pang'ono, ubwerezenso. Apa m'pamene pagona luso lonse. Ukathira wambiri nthawi imodzi, zidutswa zimaphwanyikaphwanyika mpaka kusanduka carbon dioxide ndi oxalic acid, umboni wonse watha. Ndinaphunzira kudikira, ndipo ntchitoyi ndinaikonda ndi mtima wonse.

Makina a gas chromatography, amene amalekanitsa mankhwala osakanikirana, atapima madzi aja, anatulutsa ma asidi okhala ndi mitu iwiri: succinic, glutaric, adipic, mpaka sebacic, kuyambira ma carbon 4 kufika 10. Onsewo ndi maunyolo owongoka a ma carbon. Malasha ukawachita chimodzimodzi amapereka ma asidi ambiri a mphete za benzene (ma carbon olumikizana mozungulira), koma kukersite amapereka ochepa kwambiri.

Komabe chinthu china chinkandisowetsa tulo. Mafuta a ku Kohtla-Järve amakhala ndi ma resorcinol ambiri, omwe ndi mphete za benzene zokhala ndi oxygen. Zikuthawira kuti mphetezo m'madzi anga? Yankho lake n'lakuti permanganate amaswa mosavuta mphete zokhala ndi oxygen, n'kusiya maunyolo amene anamangirirapo. Choncho ndinapempha aphunzitsi kuti zotsatira zanga tiziyerekezere ndi za makina otchedwa NMR, amene amaona kerogen wosaphwanyidwa. Anavomera, ndipo za makina amenewo ndidzafotokoza m'gawo 10.