Kompyuta Ikamachedwa Kuyankha: Zomwe Taphunzira Pogwiritsa Ntchito NVDA Kuno ku Salima

Munthu woona, kompyuta ikamachedwa, amaona kachizindikiro kakuzungulira pa sikirini n'kudziwa kuti makina akadali moyo. Kwa amene amadalira NVDA, JAWS kapena Narrator, mapulogalamu owerengera osaona zomwe zili pa sikirini, kuchedwa kumabwera ngati chete. Mwadina batani, koma zii. Ambiri panthawi imeneyi amadinanso Enter kawiri katatu, ndiye pulogalamu ija imadzatseguka katatu, makina n'kulemedwa kuposa poyamba. Choncho dinani kamodzi, werengani mumtima mpaka 20, kenaka fufuzani kuti chikuchedwa n'chiyani kwenikweni: mawu, pulogalamu imodzi, kapena makina onse. Zitatuzi khutu limazimva mofanana, koma mankhwala ake ndi osiyana.

Njira yosavuta yozisiyanitsira ndi iyi. Dinani Windows ndi R, lembani notepad, dinani Enter, ndipo lembani zilembo zingapo. Ngati chilembo chilichonse chikutchulidwa nthawi yomweyo, makinawo ali bwino, vuto lili mu pulogalamu yomwe munali, kawirikawiri Chrome yokhala ndi masamba khumi otsegula, kapena tsamba limodzi lalikulu lodzaza zotsatsa malonda lomwe NVDA iyenera kulikonza lonse isanayambe kuwerenga. Nthawi zina ndi netiweki chabe, kapena bandulo yatha. Izi sizifuna kutsegula makina.

Ngati ngakhale mu Notepad mawu akutsalira m'mbuyo mwa zala, yambani ndi mawuwo. Mahedifoni a Bluetooth amachedwetsa mawu pang'ono ndipo ena amadula chiyambi cha liwu, choncho yesani a waya. Kenaka dinani Insert, Ctrl ndi S kuti musankhe cholankhulira. Mawu a Windows OneCore amamveka ngati munthu koma ndi olemera pa makina akale. eSpeak NG imamveka ngati chitsulo koma imayankha msanga, ndipo ili ndi mawu a Chiswahili omwe amatchula a, e, i, o, u moyandikira ndi Chichewa chathu. Ife tikuona kuti wophunzira aliyense ayenera kuzolowera eSpeak, ngakhale sakuikonda, chifukwa tsiku lomwe makina adzalemedwe ndi iyo idzamuthandize. Tizigawo toonjezera (add-ons) tomwe anthu amaika mu NVDA natonso timachedwetsa. Dinani Insert ndi Q, tsikani mpaka pa Restart with add-ons disabled, dinani Enter. Liwiro likabwerera, wolakwa ndi kamodzi mwa tizigawoto, ndipo muzitizimitsa kamodzikamodzi mpaka mutakapeza. Onetsetsaninso kuti JAWS ndi NVDA sizikuyaka zonse pamodzi. M'makompyuta ogwiritsidwa ntchito ndi anthu ambiri zimachitika kawirikawiri, ndipo ziwirizi zimalimbirana kiyibodi.

Mawu akakhala kuti alibe mlandu, pitani ku Task Manager podina Ctrl, Shift ndi Escape. Mu Windows 10, ikatseguka yaing'ono, Alt ndi D imatsegula zonse. Ctrl ndi Tab imakufikitsani pa Performance, pomwe mukatsika ndi muvi mumamva CPU (purosesa, ubongo wa makina), Memory ndi Disk, chilichonse ndi peresenti yake. Musamve kamodzi n'kuweruza. Dikirani mphindi zisanu makina atayaka, ndipo mverani kangapo.

Memory ikamakhala pamwamba pa 85 peresenti, RAM, malo omwe makina amasungira zomwe akugwira panthawiyo, yachepa. Makompyuta ambiri ogwiritsidwapo kale ntchito omwe amafika m'masukulu ndi m'maofesi athu ali ndi 4 GB. Windows 11 imavomera 4 GB ngati pocheperapo, koma mukayatsa Chrome, Word ndi pulogalamu yowerenga pamodzi, malowo amatha, ndipo Windows imayamba kubwereka malo pa hadi disiki, yomwe ndi yochedwa kwambiri poyerekeza ndi RAM. Kufika pa 8 GB kumasintha zinthu moonekeratu. Musanagule, dziwani mtundu wake. DDR3 ndi DDR4 sizilowana, ndipo kusiyana kwake kumamveka ndi chala: m'munsi mwa kathabwa ka RAM muli kampata kamodzi, komwe pa DDR3 kali kutali ndi pakati pomwe pa DDR4 kali pafupi ndi pakati. Kakakana kulowa, musakakamize.

Koma chomwe chimavutitsa makina ambiri akale ndi Disk yokakamira pa 100 peresenti. Apa ndi pofunika kuima pang'ono. Dinani Windows ndi R, lembani dfrgui. Mndandanda womwe utuluke umanena ngati muli ndi Hard disk drive kapena Solid state drive (SSD). Hadi disiki yakale ili ndi mbale zozungulira ka 5400 kapena 7200 pa mphindi ndi kamkono kofunafuna malo, pamene SSD ilibe choyenda chilichonse. Kuika SSD ya 240 kapena 256 GB m'malo mwa hadi disiki kumathandiza kuposa kukonza kwina kulikonse komwe tikukudziwa, ndipo ngati ndalama zikungokwanira chinthu chimodzi, gulani imeneyo musanaganize za RAM. Khutu lanu lilinso ndi ntchito apa. Ikani khutu pafupi ndi bokosi. Kung'ung'udza pang'ono n'kwabwinobwino, koma mukamva kuti tiki, tiki, tiki mobwerezabwereza makina n'kuima, disikiyo ikufa. Kopani mafayilo anu tsiku lomwelo musanayese china chilichonse. Kuzimazima kwa magetsi ndi kumene kumawononga mafayilo a Windows, n'chifukwa chake ka UPS, kabokosi kosunga magetsi, ngakhale kongokupatsani mphindi khumi zozimitsira bwino, si kachabe.

Musanasinthe disiki, pitani pa menyu ya NVDA ndi Insert ndi N, pa Tools, mupange Portable copy pa fulashi, kuti liwiro la mawu ndi zonse zomwe munazolowera zisatayike. Poika Windows 10 kapena 11 yatsopano, Ctrl, Windows ndi Enter imayatsa Narrator, choncho munthu wosaona atha kuchita yekha gawo lalikulu la ntchitoyi.

Zoyaka zokha makina akamadzuka zimachotsedwa pa Startup mu Task Manager momwemo: sankhani dzina, dinani Shift ndi F10, kenaka Disable. Mafayilo osafunika amachoka mukadina Windows ndi R ndi kulemba cleanmgr. Zokongoletsa za pa sikirini, zomwe wosaona sapindula nazo, zimazimitsidwa polemba sysdm.cpl momwemo, kupita pa Advanced, Settings ya Performance, ndi kusankha Adjust for best performance. Pulogalamu yoteteza ku vairasi ikhale imodzi yokha. Windows Security ndi yokwanira, bola mafulashi ochokera kosindikizira mapepala ku Kamuzu Road aziyamba apimidwa. Ndipo kamodzi pa sabata sankhani Restart, osati Shut down, chifukwa Shut down imasunga gawo la Windows kuti idzayake msanga, zovuta zake n'kusungidwira limodzi.

Chenjezo lalikulu lili pa msconfig, pulogalamu yosankhira zomwe zimayaka pamodzi ndi Windows. Malangizo ambiri a pa intaneti amati pitani pa Services mudine Disable all. Mukatero musanachonge Hide all Microsoft services, mutha kuzimitsa Windows Audio, ndipo makina akayakanso sipadzamveka NVDA kapena Narrator. Woona amangobweza. Wosaona amakhala atadzitsekera panja. Lamulo lathu ndi lakuti sitepe iliyonse yomwe ingachotse mawu isachitike popanda njira yobwererera: sikirini ikhale yolumikizidwa ndi yoyaka, ndipo foni yokhala ndi Lookout, Seeing AI kapena Be My Eyes ikhale pafupi kuti iwerenge zomwe zalembedwa. NVDA ikangouma yokha, Ctrl, Alt ndi N imaidzutsanso.

Kuno kunyanja pali mdani wina amene mabuku ambiri samutchula mokwanira, ndiye kutentha. Mu Okutobala ndi Novembala chipinda cha malata ku Salima kapena ku Senga Bay chimasanduka ng'anjo, ndipo fumbi ndi mchenga zomwe mwera unaulutsa m'miyezi yozizira zimakhala zitadzaza kale mu fani. Purosesa ikafika pafupi ndi madigiri 100 imadzichepetsera liwiro yokha kuti isapse. Chizindikiro chake n'chodziwika: m'mawa makina amathamanga, masana amakwawa, fani ikulira ngati chigayo. Kuti muchotse fumbi, zulani chingwe cha magetsi, dinani batani loyatsira kwa masekondi angapo, masulani tizomangira tiwiri takumbuyo, ndipo gwirani chitsulo cha bokosi musanakhudze zamkati. Gwirani fani ndi chala kuti isazungulire pamene mukupemerera ndi bulowa. Nsalu yonyowa isayandikire. Ngati makina atha zaka zambiri, phala lapakati pa purosesa ndi chitsulo choziziritsa limakhala litauma, ndipo kadontho katsopano kofanana ndi njere ya nsawawa ndi kokwanira. Bokosi lichoke pansi pa simenti, likhale patebulo, kumbuyo kwake kutatalikira khoma ngati chikhatho chimodzi.

Pali vuto lina lomwe limanamiza ngati kuchedwa. Mwayatsa makina, fani ikuzungulira, mphindi khumi zatha, NVDA osalankhula. Nthawi zambiri Windows siinayambe n'komwe: kabatire kozungulira ka CR2032 ka pa mathabodi, thabwa lalikulu lamkati mwa bokosi, katha, ndipo makina aima akudikira kuti mudine F1, uthenga womwe palibe pulogalamu yowerenga ingaufikire. Umboni wake ndi wakuti mukalowa n'kudina Insert ndi F12, nthawi imakhala yolakwika, mukadina kawiri tsiku nalonso ndi lazaka zam'mbuyo, ndipo masamba a pa intaneti amakana kutseguka. Kabatireko kamamveka ndi chala ngati ndalama yachitsulo. Kankhani kachitsulo kam'mbali, kadzatumpha, ndipo katsopano kalowe mbali yosalala yokhala ndi chizindikiro cha + itayang'ana kumwamba.