Lipoti la ulendo wathu wa ku doko la Southampton pa tchuthi cha Khirisimasi

Komiti idandipempha kuti ndilembe za mayendedwe okha, kuchokera kumakomo kwathu mpaka pamene tidakwera sitima yapamadzi. Za m'nyanja, za ku Madeira ndi makombola a usiku wa 31 Disembala pa Funchal, likulu la chilumbacho, amayi atcheyamani akuti afotokoza okha pamsonkhano, ndiye sindiwalanda nkhani m'kamwa.

Sitima yathu inkanyamuka pa 27 Disembala chakumadzulo. Tsikuli lidatikomera chifukwa ambirife timagwira ntchito m'zipatala ndi m'nyumba zosamalira okalamba, ndipo munthu ukavomera shifiti ya pa Khirisimasi, kupempha tchuthi cha Chaka Chatsopano sikuvuta kwenikweni. Koma kwa wodalira njanji, 27 ndi tsiku loipa. Kuno ku Britain sitima zapamtunda siziyenda pa 25 Disembala, ndipo pa 26 zimayenda zowerengeka chabe. Malangizo aja timawamva kawirikawiri, akuti munthu azifika dzulo lake n'kukagona pafupi ndi doko, kwa okwera sitima yapamtunda adali osatheka, pokhapokha atanyamuka pa 24 n'kukadyera Khirisimasi kuhotela. Palibe adafuna zimenezo.

Pa WhatsApp padali mkangano wa galimoto kapena njanji, wautali kuposa mmene unkafunikira. Pamapeto pake tidagawana. Ena adanyamuka pa magalimoto pa 26, ife a ku Manchester amene tinkaweruka usiku wa pa 26 womwewo tidadikira sitima ya m'mawa pa 27, ndipo abale a ku London adakwerera pa Waterloo. Za a ku London palibe zambiri zonena. Ulendo wawo ndi wa ola limodzi ndi mphindi pafupifupi 20, adafika akuseka, ndipo ndi amene ankatiyimbira foni pafupipafupi kufunsa kuti tafika pati.

Masiku abwinobwino pali sitima yochoka pa Manchester Piccadilly kudzera Birmingham New Street, Oxford, Reading, Basingstoke ndi Winchester mpaka pa Southampton Central osasintha, ulendo wa maola anayi ndi kanthu. Koma masiku a pakati pa Khirisimasi ndi Chaka Chatsopano ndi amene osamalira njanji amagwirira ntchito zawo zikuluzikulu, chifukwa anthu a m'maofesi amakhala ali kunyumba. Tsiku lathulo chigawo china cha njanji chidali chotseka, ndipo pamenepo tidayenera kutsika n'kukwera basi yolowa m'malo mwa sitima. Zimenezi tidazidziwiratu pogula matikiti. Chimene pepala silionetsa ndi katundu.

Lamulo limalola munthu kunyamula katundu mutatu, wamkulu muwiri ndi kachikwama ka m'manja, ndipo ife lamuloli tidaligwiritsa ntchito lonse. Paulendo wa panyanja pamakhala usiku wovala bwino, ndiye aliyense adali ndi suti kapena chilundu chake, nsapato zake, kuphatikizapo majekete okhuthala a kuno ndi zovala zopepuka za kotentha kumene tinkapitako. Malo oika masutikesi kumapeto kwa bogi adadzaza tisanatuluke n'komwe mu Manchester. Pa Birmingham padakwera khamu la anthu obwerera kwawo atadya Khirisimasi kwa makolo, aliyense ndi zikwama za mphatso. Achimwene ena adaima pakhomo njira yonse, bondo litatsamira sutikesi ya agogo kuti isagubuduke sitima ikamakhota, dzanja lina litagwira ndodo yawo.

Posinthira basi mpamene padali ntchito. Chikepe cha pasiteshoni chimalowa anthu ochepa, ndiye anyamata adachita kupatsirana masutikesi pamasitepe, agogo ali pansi kuwerenga ndi chala kuti pasatsale ngakhale imodzi. Kunja kunkawomba kamphepo kolasa m'mafupa. Basi yoyamba idadzaza ife tili pamzere, ndipo achemwali ena adayamba kuwerengera maola mokweza. Agogo adangoti, "Mwanangu, khala chete, wotchi ndili nayo inenso." Tidakwera yachiwiri. Pa Southampton Central tidapezanso mzere wa matakisi, popeza padoko padali sitima zina zonyamuka tsiku lomwelo, ndipo msewu wodutsa ku masitolo a West Quay udali utathina ndi magalimoto a anthu othamangira zotsika mtengo za pambuyo pa Khirisimasi. Mtunda umene takisi imayenda mphindi 10 tidauyenda mwakachetechete, aliyense maso pa foni. Tidafika nthawi imene adatipatsa yolembetsera itadutsa, koma asanatseke. Dziwani kuti kalembera amatseka sitima isanafike ponyamuka, ndipo wochedwa ndi mayendedwe ake sadikiridwa.

A magalimoto adandifotokozera zawo tili m'sitima, ndipo ndikulemba monga adanenera. Kuchokera ku Manchester ndi mamailosi opitirira 200: msewu wa M6 mpaka chakufupi ndi Birmingham, kenako M42 ndi M40, kupatukira mu A34 pa Junction 9, kudutsa Oxford ndi Newbury, kukalowa M3 pa Winchester. Adadzuka n'kupeza magalasi atamata chisanu, ndipo mmodzi adazindikira ali kale pamsewu kuti madzi otsukira galasi aundana m'thanki chifukwa adathiramo madzi wamba. Nyengo imeneyi malole amawaza mchere m'misewu usiku kuti isaterere, ndipo mcherewo ukasakanizika ndi matope n'kuthovukira pagalasi, woyendetsa saona kanthu. Adaima pamalo opumira kugula mankhwala ake enieni asanapitirize. China n'chakuti mu Disembala dzuwa limalowa cha m'ma 4 koloko. Amene adachedwa kunyamuka chifukwa chomalizitsa nyama ya dzulo adayenda A34 yonse mumdima ndi nkhungu, msewu umene malo ambiri ulibe magetsi kapenanso mpata wabwino woimapo m'mbali. Komabe onse adagona mu Southampton usiku umenewo, ndipo m'mawa adadya kadzutsa atakhala pansi.

Nthawi idawachulukira moti ena adayendayenda m'tauni, n'kubwerako ndi nkhani yoti Titanic idanyamukira padoko lomwelo pa 10 Epulo 1912, komanso kuti ambiri mwa ogwira ntchito m'menemo adali anthu a mu Southampton momwemo. Amayi busa adaletsa nkhaniyo pomwepo, akuti tidzaikamba tikabwerako.

Vuto la a magalimoto lidali la geti. Doko la Southampton lili ndi malo asanu okwererapo sitima za alendo: Ocean, Queen Elizabeth II, City, Mayflower ndi Horizon, ndipo salowera khomo limodzi. Ocean ndi Queen Elizabeth II n'za ku Dock Gate 4, chakum'mawa, pamene Mayflower amalowera ku Dock Gate 10, mbali ina ya tauni. Galimoto ina idangolemba pafoni kuti ikufuna kudoko, foni n'kuitengera ku geti 10 pamene sitima yathu idali ku geti 4. Malume amene ankayendetsa adadandaula kuti pa Nkhata Bay munthu umaiona Ilala uli pamtunda n'kungotsetsereka, pamene pano adaona sitima zikuluzikulu mbali zonse osadziwa yawo. Dzina la malo okwerera ndi nambala ya geti zimalembedwa pa tikiti, ndipo ndi zimene woyendetsa ayenera kukhala nazo m'maso. Malo osungira galimoto adali atalipiridwa kale miyezi yam'mbuyo, ndiye atafika adangotsitsa katundu n'kupereka makiyi.

Pa mapepala tidachita bwino, ndipo apa ndithokoze amlembi anzanga amene adavutitsa aliyense kuyambira mu Seputembala. Madeira ndi gawo la Portugal, zilumba za Canary n'za Spain, choncho wa pasipoti ya Malawi amafunika viza ya Schengen, yolowera m'maiko ambiri a ku Ulaya kuphatikizapo awiriwa, ndipo amaifunsa pokwera pomwe, kaya munthu akufuna kukatsika kumtunda kaya ayi. Makadi a BRP, osonyeza chilolezo chokhalira ku Britain, adatha ntchito pa 31 Disembala 2024, ndiye aliyense adaonetsetsa kuti eVisa yake, chilolezo cha pa intaneti chimene chidalowa m'malo mwa makadiwo, yalumikizidwa ndi pasipoti imene akuyendera, kuti pobwerera pasakhale nkhani. Masutikesi amatengedwa pakhomo ndipo amafika kuchipinda mochedwa, ena usiku, choncho mankhwala a shuga ndi a BP ayenera kukhala m'kachikwama ka m'manja. Ayironi ndi ketulo saloledwa chifukwa cha ngozi ya moto. Achemwali amene adabisa ayironi pakati pa zitenje adaitanidwa kukatsegula sutikesi yawo, ndipo adaiwonanso tsiku lobwerera.

Maganizo anga ndi akuti mkangano uja wa galimoto kapena njanji sudagunde pamene padali vuto. Amene adafika mtima uli m'malo ndi amene adagona mu Southampton, ndipo chidawatheketsa ndi tsiku, chifukwa pa 26 msewu umakhala wotsegula pamene sitima zapamtunda zimayenda zowerengeka chabe. Sitima yathu ikadakhala yonyamuka pa 28 kapena 29, ifenso tikadayenda dzulo lake, basi yolowa m'malo ija sikadatiopsa. Pa ndalama, galimoto yodzaza anthu anayi imatsika mtengo ngakhale mutawerengera mafuta, hotela ndi kosungira, pamene oyenda awiriawiri njanji imawakomera akakhala ndi Two Together Railcard, imene imachotsa gawo limodzi mwa magawo atatu a mtengo, ngakhale kuti mkati mwa sabata siigwira ntchito isanakwane 9:30 m'mawa.

Ndikupempha kuti pamsonkhano ukubwerawu tikambirane ziwiri: kusankha sitima yapamadzi yonyamuka pambuyo pa 27, kapena kubwereka minibasi ya onse pa 26 ndi kalavani ya katundu, amene ali pa shifiti tsikulo apemphe kusinthana ndi anzawo nthawi ikadalipo. Achimwene amene ali ndi laisensi ya minibasi avomera kale kuyendetsa. Amsungichuma akukumbutsanso oyendetsa onse kuti malisiti a mafuta ndi a kosungira galimoto awafikire Loweruka lisanafike.