Lachiwiri ku kiliniki ya mafupa: madigiri 18 ndi siketi ya yunifolomu

Lachiwiri, Lilongwe. Kunacha ndi kachisanu ka Juni, koma pofika 8 koloko benchi ya pakhonde inali itadzaza kale. Pa odwala onse a lero, atatu anabwera ndi dandaulo limodzi: msana wa mwana wakhota.

Woyamba anali mtsikana wa zaka 12 wa Sitandade 7, wochokera ku Area 25, ali ndi mayi ake. Amene anayamba kuona vutoli ndi telala. Siketi ya yunifolomu anaisoka kawiri, mpendero ukungolendewerabe mbali imodzi, mpaka anati, "Mayi, tepi yanga sinama, chiuno cha mwanayu n'chimene sichikufanana." Zimayamba choncho kawirikawiri, chifukwa scoliosis (kukhotera kumbali kwa msana) ya ana ongotha msinkhu nthawi zambiri sipweteka. Imaonekera pa zovala: phewa limodzi kukwera, fupa la kumbuyo kwa phewa kutuluka, mpata wa pakati pa mkono ndi chiuno kukula mbali imodzi.

Kuyeza koyamba sikufuna makina. Mwana amavula nsapato, msana uli poyera, mapazi pamodzi, mawondo owongoka. Kenako amawerama, zikhatho ataziphatikiza, manja akulendewera. Woyeza amaima kumbuyo, maso ake molingana ndi msana. Pa mtsikanayu nthiti za kumanja zinatumphuka kuposa za kumanzere. Chifukwa chake n'chakuti msana sumangokhotera kumbali, mafupa ake amapotokanso ngati nsalu yomwe ukufinya, ndipo popotokapo amakoka nthiti. Kachipangizo kotchedwa scoliometer, koikidwa pamwamba pa nthitizo, kanaonetsa 8. Kakafika pa 7, mwana ayenera kujambulidwa.

Tisanatumize ku X-ray timayeza kaye miyendo. Mwendo umodzi ukafupika, chiuno chimapendekeka ndipo msana umaoneka wokhota pamene ulibe vuto. Ukamukhazika mwanayo pampando, kapena kuika kathabwa pansi pa phazi lalifupilo, kukhotako kumatha. Kwa uyu sikunathe.

X-ray ya scoliosis amajambula mwana ataimirira, msana wonse pamodzi ndi mafupa a chiuno. Apa m'pamene pamalakwika zambiri. Akamujambula atagona, msana supanikizidwa ndi kulemera kwa thupi, madigiri amatsika, makolo n'kubwerera kwawo mtima uli m'malo pachabe. Pa chithunzicho timapeza fupa lopendekeka kwambiri pamwamba pa pokhotapo ndi lina pansi pake, n'kulemba mizere. Ngodya ya pakati pa mizereyo ndiyo ngodya ya Cobb. Ikachepera madigiri 10, si scoliosis. Kuyambira 10 mpaka 24 ndi yochepa, timangoyang'anira. Kuyambira 25 mpaka 40 mwa mwana amene akukulabe, timakamba za chovala cholimba chotchedwa brace. Ikadutsa 45 kapena 50, nkhani ya opaleshoni imayamba. Mtsikanayu: 18.

Mayi aja anapuma mokoka. Koma 18 payekha sanena zonse. Chimene chimatiuza zambiri ndi msinkhu umene watsala. Msana umakhota mofulumira nthawi imene mwana akutalika mofulumira, ndipo kwa atsikana nthawiyo imafika asanayambe kusamba; akayamba, kukula kumapitirira pang'onopang'ono kwa zaka pafupifupi ziwiri. Pa X-ray yomweyo timayang'ana m'mphepete mwa fupa la chiuno, chizindikiro cha Risser, chimene chimaonetsa kukhwima kwa mafupa ndipo chimawerengedwa kuyambira 0 mpaka 5. Mtsikanayu ali pa 0 ndipo sanayambe kusamba. Kukula konse kuli patsogolo pake.

Wachiwiri anali mnyamata wa zaka 17 wa Fomu 4, madigiri 21, Risser 5. Nambala yake ndi yaikulu, koma mafupa anakhwima, ndipo kukhota kochepera 30 mwa munthu amene wasiya kukula nthawi zambiri kumangokhala pomwepo. Anapita kwawo wopanda tsiku lobweranso. Wa 18 uja ndiye wofunika kumutsatira.

Mafunso a mayi a mtsikanayo anali amene timawamva sabata iliyonse. "Adokotala, kodi si chidebe cha madzi chimene amasenza? Kapena chikwama cha mabuku?" Ayi, mayi. Katundu wolemera amatopetsa msana, koma sapotokola mafupa. Kukhala mopendekeka pa desiki sikuyambitsanso. Pa ana 10 a scoliosis, pafupifupi 8 chifukwa chake sichipezeka, kungoti imakonda kuyenda m'banja, ndiye mng'ono wake nayenso adzawerame pamaso pathu akafika zaka 10. Netibolo asasiye, ntchito za pakhomo agwire. Mafizo, monga a njira ya Schroth yochokera ku Germany, amathandiza kaimidwe ndi mphamvu ya minofu, koma salowa m'malo mwa kubwera kudzayezedwa. Kusisita ndi kukoka msana sikuwongola fupa lopotoka. Ndalama zimangothera pamenepo.

Cha m'ma 11 koloko kunalowa agogo ochokera ku Mitundu ndi mdzukulu wawo wa zaka 14. Pamsana pake panali mphini zatsopano, ndipo pakati pa mphinizo kalinunda kosongoka, koloza kumbuyo osati kumbali. Ukakagogoda mwana amadzidzimuka. Wawonda, usiku amatuluka thukuta, ululu umamudzutsa. Iyi si scoliosis ya kutha msinkhu. Choyamba kuganizira kuno kwathu ndi TB ya msana, imene imadya fupa mpaka kuligwetsa, ndipo ikachedwa imafoola miyendo. Anapita kukayezedwa lero lomwe. Ululu wa usiku, dzanzi kapena kufooka kwa miyendo, kulephera kugwira mkodzo, kukhota kwa pachifuwa kolozera kumanzere, kapena mwana wosakwana zaka 10: zonsezi sizidikira miyezi, zimafuna madokotala a mafupa ndi mitsempha, monga a ku chipatala cha LION pa Kamuzu Central kapena a ku Beit CURE ku Blantyre.

Masana mayi a ku Area 25 anabweranso ndi funso la brace, atamva za iyo pabenchi. Ndi chovala cholimba chapulasitiki, chopangidwa motengera thupi la mwanayo. Sichiwongola msana, ntchito yake ndi kuletsa kuti usapitirire mpaka mafupa atakhwima. Kafukufuku wa BrAIST wa ku America ndi Canada, wofalitsidwa mu 2013, anapeza kuti ana 72 pa 100 ovala brace sanafike pa madigiri 50, poyerekeza ndi 48 pa 100 osavala, ndipo ovala maola ambiri ndi amene anapindula kwambiri. Amauzidwa kuvala maola 18 patsiku. Ndi kutentha kwa Okutobala si masewera, pamafunika kamalaya kathonje kopanda msoko mkati mwake kuti khungu lisanyuke. Koma pa 18 brace sinafike.

Chimene anapita nacho ndi ntchito ya kunyumba. Kamodzi pamwezi mwana aime pafelemu ya chitseko wopanda nsapato, alembe mzere ndi deti. Tsiku lomwelo amujambule pafoni atawerama, malo omwewo, mtunda womwewo. Mizere ikayamba kutalikirana, abwere msanga. Poyeza Cobb anthu awiri amatha kusiyana ndi madigiri 5 pa chithunzi chimodzi, choncho 18 kusanduka 20 si kanthu, koma kufika 24 ndiye kuti wayenda. M'kabuku ka kuchipatala talemba Okutobala, miyezi 4 kuchokera lero, ndi chikumbutso choti adzabwere ndi X-ray ya lero, yosapinda, mu envelopu yake.