Sabata imodzi m'chipinda cha uphungu

Ndimagwira ntchito ya uphungu wa zamaganizo pa chipatala china cha boma kuchigawo chakummwera. Ambiri amene madokotala amawatumiza kwa ine amalowa ndi mantha, poganiza kuti ulendo wa ku Zomba Mental Hospital wayambika. Kumeneko kumapita amene matenda awakulira kwambiri. Anthu anga ambiri amadandaula mutu wosatha, kusowa tulo ndi mtima kuthamanga, koma akayezedwa magazi malungo sapezeka.

Lolemba kunabwera mayi amene nyumba yawo inakokoloka ndi namondwe Freddy mu Malichi 2023. Mpaka pano mvula ikangoyamba kugunda pa malata, thupi lonse limanjenjemera. Tsiku loyamba sindikakamiza munthu kufotokoza zonse. Ndinayamba ndi kuwatsimikizira kuti zokambirana zathu sizituluka m'chipindamo, pokhapokha moyo wawo kapena wa wina utakhala pachiswe. Kenako ndinafunsa, "Mayi, chikukusowetsani mtendere kwambiri n'chiyani?" Anakhala duu nthawi yaitali, ine n'kudikira. Achibale amathamangira kunena kuti "limbani mtima", ndipo akatero munthu salankhulanso. Tisanasiyane tinayeserera kupuma pang'onopang'ono, kuti akhale ndi chochita mvula ikayamba usiku.

Lachitatu kunabwera bambo womira m'ngongole za katapila, amene wayamba kumwa kachasu kuti apeze tulo. Ankafuna ndiwauze chochita. M'malo mwake tinalemba mavuto awo onse papepala, iwo anasankha limodzi loyambira, ndipo anaganiza okha zokambirana ndi akazi awo, amene sankadziwa za ngongolezo. Njira imeneyi yothana ndi mavuto limodzilimodzi ndi imenenso amagwiritsa ntchito agogo ophunzitsidwa uphungu a pulogalamu ya Friendship Bench ku Zimbabwe, ntchito imene anaiyambitsa Dr Dixon Chibanda ku Harare. Ndinawafunsanso mosabisa ngati anaganizapo zodzipha. Funso limeneli siliika maganizowo mwa munthu. Ambiri amapepukidwa kuti wina wafunsa.

Lachisanu mtsikana wina anandiuza kuti anasiya kumwa fluoxetine, mankhwala a matenda a kukhumudwa, chifukwa sankaona kusintha. Mankhwala amenewa amatenga masabata angapo asanayambe kuthandiza, choncho ndinamuperekeza kwa dokotala kuti akambirane zoyambiranso.

Chimene chikundidetsa nkhawa ndi ndalama za minibasi. Uphungu umafuna kukumana kangapo, koma ambiri amalekera panjira akangopezako bwino pang'ono. Bambo aja tapangana kuti akalephera kubwera, tidzalankhulana pa foni.