Manda a akapolo kuseri kwa maofesi ku New York

Foni inandizimira nditangotuluka mu sitima yapansi pa siteshoni ya Brooklyn Bridge-City Hall, kuzizira kwa mu Novembala kuja batire silichedwa kutha, ndiye mapu onse anali momwemo. Msuweni wanga amene ndinafikira kwawo ku Bronx anali ku ntchito, anangondilembera pa kapepala keyala ya manda a akapolo omwe ndinkafuna kukaona, kuti 290 Broadway basi. Sitima nthawi imeneyo inali $2.90 ulendo umodzi kaya mukupita pafupi kaya kutali, mumangogunditsa khadi la ku banki pa geti. Koma kufunsa njira anthu a mumzinda umenewu ndi ntchito abale, aliyense ali pa liwiro kapu ya khofi m'manja, ena amangokuyang'ana nkupitirira.

Amene anaima ndi mayi ena achikulire, akuda, oyendera ndodo. Atawerenga kapepala kaja anati nawonso akupita komweko, tiyendere limodzi bola ndisawathamangitse. Pa njira anandifunsa kwathu, nditati ku Malawi anangogwedeza mutu nkuti inu muli ndi mwayi mwana wanga, ine sindidziwa kuti makolo anga anachokera mbali iti ya Africa, palibe amene analemba. Kenako anatulutsa pawa banki mu chikwama mwawo nkundipatsa kuti ndizitchaja tikuyenda, munthu sakundidziwa nkomwe.

Malowo dzina lake ndi African Burial Ground, ali pa Duane Street kuseri kwa chinyumba chachitali cha boma. Mu 1991 akukumba maziko a nyumbayo anapeza mafupa a anthu, anafukula anthu 419, ndipo anthu akuda a mumzindamo anachita kulimbana ndi boma kuti kukumbako kuime. Mafupa anawatengera ku Howard University kukawaunika ndipo mu 2003 anawabweza nkuwaikanso mwaulemu, pano pali timilu 7 ta udzu pomwe anagona. Akatswiri amati manda onsewo munaikidwa anthu pafupifupi 15,000, kutanthauza kuti ambiri akadali pansi pa misewu ndi maofesi omwewo anthu akupondapo tsiku ndi tsiku.

Titafika pa timilu tija mayi aja anatsegula botolo la madzi nkuyamba kuthira pansi pang'onopang'ono akuyankhula motsitsa, sindinamve zomwe ankanena ndipo sindinafunse. Atathira theka anandipatsa botolo nkuti thiraniko nanunso, mwachokera kutali, awa alendo ochokera kwawo sawaona kawirikawiri. Ndinavula chipewa nkuthira, manja akunjenjemera, kuzizira kunalipo inde koma sikunali kuzizira kokha. Tinakhala pamenepo nthawi ndithu osayankhulana, magalimoto akungolira kuseri kwa mpanda. Pa foni pataoneka moyo ndinawabwezera pawa banki yawo, ndinafuna kuwagulira tiyi koma anakana, anati ali ndi apointimenti ku chipatala.

Mkati mwa chinyumba chija muli kamyuziyamu, kulowa ndi ulere koma poti ndi nyumba ya boma amasecha ngati pa eyapoti, ndiye musanyamule zikwama zambiri, komanso yambani mwaona pa intaneti masiku omwe amatsegula. M'menemo ndi momwe mtima unandiwawa zenizeni. Pafupifupi theka la anthu 419 aja anali ana osakwana zaka 12. Mafupa a akuluakulu, amayi omwe, amaonetsa kuti ankasenza katundu wopyola muyeso. Ndiye pali mayi wina amene anamupeza ali ndi mikanda m'chiuno, yoposa 100, yosakaniza ndi tizigoba ta m'nyanja, mano ake osemedwa monga ankachitira kwawo ku Africa. Ganizani, wina anamusambitsa, anamukulunga mu nsalu, ndipo anaonetsetsa kuti mikanda yake apite nayo. Kwa ine kumeneko kunali kukana ukapolo ndithu, chifukwa malamulo a mzinda ankafuna kuwalanda ngakhale maliro. Mu 1697 tchalitchi cha Trinity chinaletsa kuika anthu akuda m'manda ake, mu 1722 analetsa kuika maliro a akapolo usiku pomwe usiku ndi nthawi yokhayo imene anthuwo ankapuma, ndipo mu 1731 anati pa maliro pasapitirire anthu 12. Kwathu adzukulu okha okumba manda amaposa pamenepo.

Chimene chimandinyansa ndi momwe nkhaniyi tinaiphunzirira. Za Jumbe ku Nkhotakota ndi Mlozi ku Karonga tinaloweza, koma ikafika Amereka tinkangomva za minda ya thonje ya kummwera, kumpoto ngati kunali anthu abwino okhaokha. Chonsecho akapolo oyamba, amuna 11, anafika kuno cha m'ma 1626 mzindawu ukadali New Amsterdam m'manja mwa Adatchi, ena mayina awo amanena okha komwe anachokera, Paulo d'Angola, Simon Congo. Angerezi atalanda mu 1664 zinangoipiraipira, pofika 1703 makomo 42 pa 100 aliwonse anali ndi akapolo, mzinda womwe unkaposa pamenepa unali Charleston wokha. Ukapolo mu New York unadzatha mu 1827.

Nditatuluka ndinatsetsereka wapansi mpaka Maiden Lane, kamsewu wamba kopanikizana, mashopu ndi maofesi. Apa ndi pomwe usiku wa pa 6 Epulo 1712 akapolo oposa 20 anayatsa nyumba nkubisala ndi mfuti, zikwanje ndi mipeni, azungu atabwera kudzazimitsa moto anapha 9. Asilikali atawasaka, 6 anadzipha okha kusiyana nkugwidwa, ndipo 21 anaphedwa, ena pochita kuwawotcha amoyo. Mu 1741 moto utabuka malo angapo kuphatikizapo linga la asilikali la Fort George, mzinda unagwidwa ndi mantha, mtsikana wantchito wa zaka 16 Mary Burton anayamba kutchula mayina m'khoti ndipo mapeto ake anthu akuda 13 anawotchedwa, 17 ananyongedwa pamodzi ndi azungu 4, ena oposa 70 anawagulitsa kunja. Mpaka lero akatswiri a mbiri amatsutsana ngati chiwembucho chinalipodi kapena anali mantha chabe a anthu odziwa zomwe ankawachita anzawo.

Njala itandipeza ndinagula mpunga wa nkhuku pa kangolo ka m'mbali mwa msewu, $10, wokoma koma osayerekeza kuwerengera mu makwacha, ungausiye. Zimbudzi zaulere nazo kumeneku nzosowa kwambiri, ndiye pitiranitu mukadali ku myuziyamu. Ndinadyera pa benchi kumunsi kwa Wall Street pafupi ndi Water Street, pomwe mu 1711 mzinda unakhazikitsa msika wogulitsira ndi kubwereketsa akapolo, msika womwe unakhalapo mpaka 1762. Chikwangwani chokumbutsa zimenezi anachiika mu 2015, ndipo nchaching'ono moti mutha kudutsa osachiona, nthawi yonse yomwe ndinakhala pamenepo palibe anaima kuti awerenge. Koma ku Bowling Green, kuyenda mphindi zochepa chabe, mzere wojambulitsa ndi chiboliboli chotchuka cha ng'ombe yamkuwa unali wautali mpaka kukhota, anthu akukankhana mu chisanu chomwecho.